Mmene mungasankhire njira yolipirira mowa pa phwando la ukwati

Pa zinthu zonse zimene okonza ukwati amalipira, mowa ndi umene umavuta kwambiri kuuwerengera pasadakhale. Holo ili ndi mtengo wake wodziwika, oimba amanena ndalama yawo kudakali miyezi, ndipo chakudya chimawerengedwa pa mbale chifukwa munthu amadya kamodzi n'kukhuta. Mowa ulibe malire otere. Mlendo wina amagwira tambula imodzi madzulo onse pamene mnzake akubwerera ku bala yoperekera zakumwa mobwerezabwereza, ndipo chiwerengero chenicheni cha zakumwa chimadziwika phwando litatha. Njira zonse zolipirira zimene mahotela ndi eni malo a maphwando amapereka zimasiyana pa mfundo imodzi, yakuti ndani asenze chiopsezo cha chiwerengero chosadziwikachi: eni malo, akwati, kapena alendo. Eni malo akachisenza amakweza mtengo kuti adziteteze, akwati akachisenza akhoza kupulumutsa ndalama kapena kulandira bilu yowadzidzimutsa, ndipo chikakankhidwira kwa alendo pamakhala funso la ulemu limene banja liyenera kuliyankha lokha.

Werengani omwa musanafunse mitengo

Musanapite kukakambirana ndi eni malo, tengani mndandanda wa oitanidwa ndipo muugawe patatu: ana, akuluakulu amene samwa mowa, ndi akuluakulu amene amamwa. Ntchitoyi ichitidwe ndi anthu a mbali zonse ziwiri, chifukwa mkwati amadziwa abale ake ndipo mkwatibwi amadziwa ake. M'gulu la osamwa mulowe amene amapewa mowa chifukwa cha chipembedzo, amayi oyembekezera, odwala amene akumwa mankhwala osagwirizana ndi mowa, ndiponso amene adzayendetse galimoto pobwerera.

Operekera zakumwa m'maphwando amagwiritsa ntchito kawerengedwe kosavuta: munthu womwa amatha zakumwa 2 m'ola loyamba, kenako chakumwa chimodzi pa ola lililonse lotsatira. Kawerengedweka n'kongoyerekezera, koma kamakupatsani poyambira. Tiyerekeze kuti mwaitana anthu 150, mwa iwo ana ndi 25, akuluakulu osamwa ndi 45, ndipo omwa ndi 80. Ngati phwando litenga maola 5, womwa aliyense amuwerengera zakumwa 6, ndiye kuti zonse pamodzi ndi 480. Ngati phwando lili masana ndipo alendo ambiri ndi achikulire, tsitsani chiwerengerochi. Ngati lili usiku, kukutentha, ndipo anzawo a akwati ndi ochuluka, chikwezeni. Nambala imene mwapezayi ndi imene muziyezera njira iliyonse imene mupatsidwe.

Mtengo wokhazikika pa munthu aliyense

M'njira imeneyi eni malo amatchula ndalama imodzi pa mlendo aliyense, ndipo alendo amamwa mwaulere kwa maola amene mwagwirizana. Ubwino wake ndi woonekeratu: ndalama yonse mumaidziwa tsiku losaina mgwirizano, ndipo kaya alendo amwe motani, bilu sisintha. Komabe eni malo ambiri amawerengera wamkulu aliyense, womwa ndi wosamwa yemwe, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amataya ndalama osazindikira.

Kuti mudziwe ngati njirayi ikukomerani, gawani mtengo wa munthu mmodzi ndi mtengo wa chakumwa chimodzi pamalo omwewo. Tinene kuti mwapeza 5, kutanthauza kuti pa wamkulu aliyense mukulipira ndalama yofanana ndi ya zakumwa 5. Pa akuluakulu 125 a m'chitsanzo chathu, mukhala mukulipira zakumwa 625, chikhalirecho mukuyembekezera kuti zimwedwa 480 zokha. Ndalama ya zakumwa 145 ipita kwa eni malo popanda tambula yokwezedwa. Koma zikanakhala kuti mwa akuluakulu 125 aja omwa ndi 115, zakumwa zikanafika 690, ndipo opindula mukanakhala inu. Pa manambala amenewa njirayi imayamba kukukomerani omwa akapitirira pafupifupi 104. Choncho mtengo wokhazikika umayenera ukwati umene pafupifupi aliyense amamwa ndipo phwando ndi lalitali, komanso banja limene likufunitsitsa kudziwiratu ndalama yonse ngakhale italipira mopitirirako pang'ono.

Pokambirana, funsani ngati osamwa angawerengedwe pa mtengo wa zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ana akhale ndi mtengo wawo wapadera. Funsaninso ngati ojambula zithunzi, oimba ndi antchito ena akulowetsedwa m'chiwerengero, popeza anthu amenewa ali pantchito ndipo sakuyenera kulipiridwa mowa. Eni malo ena amakana kusiyanitsa omwa ndi osamwa ponena kuti woperekera sangadziwe amene walipiridwa ndi amene sanalipiridwe. Chifukwachi n'chomveka, koma si chifukwa choti muvomere osapempha kuti mtengo wonse utsitsidweko.

Kulipira zimene zamwedwa

Apa alendo amamwabe mwaulere, koma woperekera amalemba chakumwa chilichonse, ndipo akwati amalipira chiwerengero chimene chapezeka pamapeto. Kwa ukwati umene osamwa ndi ambiri, njirayi kawirikawiri ndi yotsika mtengo kuposa yoyamba ija, monga mmene manambala aja asonyezera. Vuto lake ndi lakuti chiopsezo chonse chili pa inu, ndipo bilu imakula m'njira zimene simungaziganizire muli kunyumba ndi pepala ndi cholembera.

Mlendo amene sakulipira sasamala tambula yake. Amaisiya patebulo ili theka n'kupita kukavina, woperekera amaichotsa poganiza kuti yasiyidwa, ndipo mwini wake akabwerera amakatenga ina. Wina amaitanitsira anzake onse a patebulo, kuphatikizapo amene sanapemphe. Wina amasankha whisky wodula kwambiri amene sangamugule ndi ndalama yake. Palinso khalidwe la operekera ena lotsegula mabotolo a vinyo ambiri nthawi imodzi n'kumadzazira matambula amene sanathe, ndipo ngati mgwirizano ukunena kuti mulipira botolo lililonse lotsegulidwa, mulipira ngakhale limene lathiridwako kamodzi kokha. Bala yotere, ikakhala yopanda malire, ili ngati mpopi wosiyidwa usiku wosatseka.

Pa chifukwa chimenechi, kulipira zimene zamwedwa kuyende limodzi ndi malire a ndalama. Gwirizanani ndi eni malo ndalama imene bilu isapitirire, ndipo zilembedwe kuti woyang'anira bala adzakudziwitsani bilu ikafika pa magawo 3 mwa magawo 4 a ndalamayo. Sankhani munthu mmodzi yekha, wodalirika ndiponso amene sadzamwa tsikulo, kuti akhale ndi mphamvu yowonjezera malirewo kapena kutseka. Munthu ameneyu asakhale mkwati kapena mkwatibwi. Pa tsiku la chisangalalo, ali pakati pa anzake, mkwati savuta kuvomera kuti mowa upitirire, ndipo chilolezo choperekedwa pakamwa pakati pa phokoso la nyimbo n'chimene chimadzetsa mkangano m'mawa mwake. Nenaninso pasadakhale chimene chichitike malire akakwana: kodi bala itsekedwa, kapena alendo ayamba kudzigulira okha? Ngati adzigulira, ayenera kukhala atauzidwa kale.

M'maganizo mwanga, kwa mabanja ambiri njira imeneyi ya kulipira zomwedwa koma ndi malire olembedwa ndi imene ili yanzeru kuposa zonse, chifukwa simulipirira anthu osamwa ndipo bilu singapitirire pamene mwaika. Imafuna munthu watcheru, ndipo ngati mulibe munthu wotero, kuli bwino mubwerere ku mtengo wokhazikika.

Alendo kudzigulira okha, ndi njira zapakati

Pamene ndalama zili zochepa, akwati akhoza kulola eni malo kugulitsa mowa kwa alendo monga mmene amachitira masiku onse. Anthu amaiona mosiyana njirayi. Ku Britain ndi ku Ireland si zachilendo kuti alendo apatsidwe vinyo pa chakudya kenako azidzigulira okha madzulo, pamene m'madera ambiri a ku America anthu ena amaona kuti kugulitsa mowa kwa munthu amene mwamuitana n'kuchepa ulemu. Inu mukudziwa mmene abale anu angazilandirire. Chimene chili chofanana kulikonse ndi chakuti mlendo sakwiya kwenikweni chifukwa chogula, koma chifukwa chodzidzimutsidwa. Lembani pa kalata yoitanira kuti zakumwa zoledzeretsa zidzakhala zogula, ndipo nenani ngati kubala amalandira ndalama yapamanja, khadi, kapena kulipira pa foni. Madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zikhale zaulere zivute zitani. Kugulitsa madzi kwa mlendo wa paukwati n'kupulumutsa ndalama yochepa pa mtengo wa manyazi aakulu.

Musaganize kuti njirayi ilibe ndalama imene mulipire. Eni malo ambiri amaika ndalama yochepetsetsa imene bala iyenera kugulitsa, ndipo alendo akapanda kufikapo, zotsalazo amalipira ndi akwati. Ena amalipiritsa padera woperekera aliyense pa ola. Ngati alendo anu ambiri samwa, mukhoza kulipira ndalama yokwaniritsira malonda amene sanachitike, popanda mlendo ndi mmodzi yemwe kupindulapo.

Pakati pa kulipira zonse ndi kusalipira kalikonse pali njira zingapo zimene zimagwira bwino ntchito. Imodzi ndi ya matikiti: wamkulu aliyense amalandira matikiti 2 kapena 3, ndipo akatha amadzigulira yekha. Apa funsani ngati mulipira matikiti onse amene asindikizidwa kapena okhawo amene abwerera kubala, ndipo powerengera ndalama ganizirani kuti pafupifupi onse adzabwerera, chifukwa osamwa amapatsa anzawo omwa. Matikitiwo akhale ndi manambala kapena chidindo kuti asakopedwe, ndipo palembedwe mitundu ya zakumwa imene angagulire. Njira ina ndi yoika malire a nthawi, kuti mowa ukhale waulere m'maola 2 oyambirira kapena mpaka chakudya chitatha. Njirayi ili ndi kaipa kake, kakuti anthu akadziwa ola lotsekera amathamangira kubala n'kutenga matambula awiriawiri, choncho musalengeze pa maikolofoni kuti nthawi yatsala pang'ono.

Njira yachitatu, imene imachepetsa bilu popanda kukhumudwitsa anthu ambiri, ndi yopereka mowa wa m'mabotolo ndi vinyo zokha mwaulere, n'kusiya mowa waukali monga whisky, gin ndi brandy kuti ukhale wogula kapena usapezeke n'komwe. Sikuti botolo la mowa kapena tambula ya vinyo zili ndi mphamvu yochepa. Botolo la 330 ml la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 13 a chinthu choledzeretsa, tambula ya 150 ml ya vinyo wa 12 peresenti ili ndi pafupifupi 14, pamene toti ya 25 ml ya mowa waukali wa 40 peresenti ili ndi pafupifupi 8. Kusiyana kuli pa liwiro: botolo limatenga nthawi kuti lithe, pamene toti imamwedwa kamodzi n'kamodzi ndipo imaitana inzake. Ngati muperekabe mowa waukali, gwirizanani kuti matoti ongogugudiza ndi matoti ophatikiza awiri asalowe pa bilu yanu.

Kubweretsa mowa wanu

Kumene eni malo amalola, kugula nokha ku sitolo yogulitsa mopikulitsa kumatsitsa ndalama kwambiri, chifukwa mtengo wa kubala umakhala utaphatikiza phindu, antchito ndi malo. Koma eni malo amene ali ndi bala yawoyawo amalipiritsa ndalama yotsegulira botolo lililonse lochokera kunja, imene m'makalata awo imalembedwa kuti corkage. Masamu ake ndi achidule: phatikizani mtengo wa kusitolo ndi ndalama yotsegulira, kenako yerekezani ndi mtengo wa botolo lofanana nalo pamalopo. Pa vinyo wotsika mtengo kusiyanako kumakhala kochepa kapena kulibe, pamene pa vinyo wabwino ndi shampeni mukhoza kupulumutsa zambiri. Amene akuganiza zozemba pogula mabotolo aakulu a malita 1.5 adziwe kuti eni malo ambiri amawawerengera ngati mabotolo awiri.

Pogula, gwiritsani ntchito nambala yanu ija. Botolo la vinyo la 750 ml limapereka matambula 5 a 150 ml. Botolo la 750 ml la mowa waukali limapereka matoti 30 a 25 ml, koma 15 okha ngati wothira ali ndi dzanja lolemera lofika 50 ml, n'chifukwa chake kachipangizo koyezera toti sikayenera kusowa pa tebulo la zakumwa. Pa zakumwa 480 zija, ngati theka ndi mowa wa m'mabotolo, gawo limodzi mwa magawo 3 ndi vinyo, ndipo zotsala ndi mowa waukali, mufunika mabotolo 240 a mowa, 32 a vinyo, ndi pakati pa 3 ndi 6 a mowa waukali malinga ndi kathiridwe. Shampeni yokwezera matambula pofunira akwati mafuno abwino imawerengedwa padera: botolo limadzaza matambula 6 a 125 ml, choncho akuluakulu 125 angafune mabotolo 21, koma mukathira pang'ono kuti botolo likwanire anthu 8, mabotolo 16 akwana. Anthu ambiri amangolawa shampeniyo n'kuisiya, ndipo palibe cholakwika kupempha alendo kuti akweze chakumwa chilichonse chimene ali nacho m'manja. Mbiya yachitsulo ya mowa ya malita 50 imapereka matambula 100 a theka la lita mukangowerengera, koma thovu limadyako ena, ndipo ikangotsegulidwa singabwezedwe.

Funsani wogulitsa ngati adzalandire mabotolo ndi makreti osatsegulidwa n'kukubwezerani ndalama. Akavomera, mukhoza kugula mopitirirako popanda mantha, malinga ngati mabotolowo abwerera ali bwino. Amene zikalata zake zanyowa n'kumatuka m'madzi oundana kawirikawiri amakanidwa, choncho musaziziritse onse nthawi imodzi. Kumbukiraninso kuti mukabweretsa mowa wanu pamalo opanda bala, zonse zimene hotela ikanachita zimagwera inu: matambula, madzi oundana, mafiriji, zosakanizira, zotsegulira mabotolo, operekera, mayendedwe, ndi kuchotsa mabotolo opanda kanthu. Izi zikaphatikizidwa, phindu lija limachepa, ndipo n'koyenera kuziwerengera musanasankhe.

Zimene ziyenera kulembedwa

Mtengo umene mumauzidwa pakamwa nthawi zambiri si umene umatuluka pa bilu. Funsani ngati msonkho ndi ndalama ya utumiki zaphatikizidwa kale. Mwachitsanzo, ngati utumiki ndi 10 peresenti ndipo msonkho wa 15 peresenti ukuwerengedwa pamwamba pa zonse, ndalama 100 iliyonse imasanduka 126.50, ndipo njira ziwiri sizingayerekezedwe molondola ngati ina yaphatikiza zimenezi pamene ina sinatero. Funsaninso ngati ndalama ya utumikiyo imafika kwa operekera, kuti mudziwe ngati mudzawapatse kangachepe kothokoza padera.

Mgwirizano utchule mayina a zakumwa zimene zidzaperekedwe ndi chimene chidzalowe m'malo ngati china chatha, kukula kwa tambula ndi toti, ola lotsegulira ndi lotsekera, chiwerengero cha operekera, mtengo wa ola lowonjezera, tsiku lomaliza losinthira chiwerengero cha alendo, ndiponso mmene dipoziti idzabwezedwere ukwati ukasunthidwa. Nkhani ya operekera musaipeputse: munthu mmodzi kutumikira alendo 150 kumabweretsa mzere wautali, ndipo ngati mwalipira mtengo wokhazikika, mzere wautali umapindulira eni malo chifukwa zakumwa zimatuluka zochepa. Ngati mukulipira zomwedwa, kutseka bala pa nthawi ya chakudya ndi ya zolankhula kumachepetsa bilu ndipo kumachititsa alendo kukhala pansi n'kumvetsera. Ngati mukulipira pa ola, pemphani kuti ola limenelo lisawerengedwe.

Malamulo nawo amakhudza chisankho chanu. M'mayiko ambiri kupatsa alendo mowa mwaulere pa phwando la oitanidwa okha n'kosiyana ndi kuugulitsa, ndipo kugulitsa kumafuna laisensi. Hotela ili nayo kale, koma ngati phwando lili m'tenti kapena pabwalo la nyumba ndipo mukufuna alendo azigula, funsani ku ofesi yopereka malaisensi kudakali nthawi. Ku England ndi ku Wales, mwachitsanzo, chilolezo chakanthawi chotchedwa Temporary Event Notice kawirikawiri chimafuna kupemphedwa masiku ogwira ntchito osachepera 10 tsiku lisanafike, ndipo chimagwira pa phwando la anthu osapitirira 499. Zaka zololedwa kugula mowa ndi 18 m'mayiko ambiri ndi 21 ku America, ndipo operekera ayenera kukhala ndi ufulu wokaniza wachichepere kapena amene waledzera kale, ngakhale akhale m'bale wa mkwati. M'madera ena amene wapereka mowa akhoza kuimbidwa mlandu mlendo woledzera akachita ngozi, choncho funsani ngati eni malo kapena kampani yoperekera ili ndi inshuwalansi yokhudza zimenezi.

Thupi la munthu limachotsa pafupifupi chakumwa chimodzi pa ola, ndipo khofi safulumizitsa ntchitoyi. Mayiko ambiri amaika malire a mowa m'magazi a woyendetsa galimoto pa 0.05 kapena 0.08 peresenti, ndipo munthu amene wamwa zakumwa 6 zija sayenera kugwira chiwongolero. Kutseka bala kutatsala mphindi 30 mpaka ola limodzi kuti phwando lithe kumachepetsa ndalama ndiponso kumwa kothamangira kumapeto, koma sikuchotsa mowa m'thupi la munthu, choncho gawo la ndalama imene mwapulumutsa posankha bwino lipite ku mayendedwe a alendo obwerera usiku.

Pa tsikulo, munthu wodalirika amene mwamusankha uja afike bala isanatsegulidwe n'kuwerenga mabotolo limodzi ndi woyang'anira, alembe chiwerengerocho papepala, onse awiri asaine pepalalo, ndipo ajambule chithunzi. Bala ikatsekedwa awerengenso odzaza, otsegulidwa ndi opanda kanthu asanachotsedwe, ndipo atenge lisiti yosonyeza chakumwa chilichonse payekhapayekha usiku womwewo. Ngati mwalipira botolo lotsegulidwa lathunthu, zotsalamo ndi zanu, ndipo kumene malamulo amalola mukhoza kuzitenga. Chilichonse chimene sichikugwirizana ndi pepala loyamba lija chifunsidwe pomwepo, mabotolo opanda kanthu akadali pamalopo kuti awerengedwenso.